Za Magulu a Asilikali Akalekale ndi Kunyada Kwawo

Pali mwambo wina pakati pa anthu olemba mbiri ya nkhondo, umene tifuna kuuyesa mwezi uno pamodzi ndi inu owerenga athu. Iwo akonda kundandalika mayina a magulu a asilikali amene anayambika kalekale ndipo alipobe kufikira lero lino, naika lokalamba koposa pamwamba, linzake pansi pake, monga achitira mphunzitsi ndi ana a sukulu atatha mayeso. Munthu wowerenga mndandanda wotere ayesa kuti gulu lokhala pamwamba ndilo loyenera ulemu woposa, ndipo eni magulu omwe ayesa chomwecho, pakuti alimbirana malowo monga alimbirana abale pa ufumu. Wina adzati, Nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji zinthu za ku Ulaya? Zitikhudza ndithu, pakuti nafenso tili ndi gulu lathu lakale ku Zomba, m'mene munalowa makolo athu, ndipo ana athu alikulowamo lero. Muyeso umene tiyesa nawo magulu a eni, ndiwo tidzayesa nawo lathu.

Tiyambe tatchula ena a magulu otchukawo ndi zaka zimene adziwerengera. Ku Spain kuli gulu la mfumu lotchedwa Inmemorial del Rey, limene liti linayamba mu 1248. Ku France gulu loyamba la asilikali oyenda pansi liwerenga chiyambi chake kuchokera kwa ankhondo a ku Picardie a mu 1479. Ku England kuli alonda a mfumu otchedwa Yeomen of the Guard, amene anawaika Henry VII mu 1485, atapambana nkhondo ya ku Bosworth. Ku Roma kuli Aswisi olonda Papa, oyambira mu 1506. Ku Sweden alonda a mfumu ayambira mu 1521, pamene anyamata 16 a ku Dalarna anasankhidwa kusunga moyo wa Gustav Vasa. Ku London kuli Honourable Artillery Company, imene inalandira kalata ya mfumu Henry VIII mu 1537. Ndipo m'chaka chomwecho munayambika asilikali a m'zombo a ku Spain. Pambuyo pa awa padza magulu a ku Massachusetts m'dziko la America a mu 1636, ndi Coldstream Guards a mu 1650. Zaka izi nzambiri zedi, ndipo sitidabwa kuti mnyamata wovala malaya a gulu lotere ayenda chotukula mutu.

Koma tifunse poyamba: chakalamba m'magulu amenewa nchiyani? Si anthu ayi, pakuti oyambawo anabwerera kufumbi kalekale. Si zida, pakuti nthungo ndi mauta zinaleka, ndi mfuti zagogodera zinaleka. Nkhani yake ikunga ya munthu amene anati ali nalo khasu la agogo ake, ngakhale mpini wake anausintha kasanu, ndi chitsulo chake anakagula china kawiri. Chatsala ndi dzina, ndi mbendera, ndi lumbiro, ndi nkhani zimene akulu auza olowa chatsopano. Ife sitipeputsa zimenezi, popeza kwathu kuno tidziwa bwino za kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, wina alowa m'dzina lake, ndipo anthu amutcha monga anatchera woyambayo, ngati kuti sanafe. Koma tidziwanso kuti wolowa dzina salandira ulemu wokha. Alandira ndi milandu yomwe imene anaisiya malemu, ndi ana amasiye, ndi ngongole. Apa ndipo tipeza chilema cha mindandanda ija: iwerenga zaka za dzina, koma milandu ya dzinalo siiwerenga.

Tisanafike ku milanduyo, tione kuti zaka zomwezo sizili zoona zonse mofanana. Gulu lija la ku Spain liti linabadwa mu 1248, chaka chimene mfumu Ferdinand III analanda mzinda wa Seville; koma kukhazikika kwake monga gulu la dongosolo ndi kwa mu 1634, masiku a Philip IV. Pakati pa zaka ziwirizi pali mpata wa zaka 386, umene audzaza ndi mbiri ya pakamwa. Ndipo dzina lakuti Inmemorial, ndiko kunena chakale chosakumbukika chiyambi chake, analipereka ndi mfumu Charles III mu 1766, kuti pasakhalenso gulu lina lolimbana nalo pa ukulu. Taonani, ukalamba wopatsidwa ndi lamulo la mfumu! Alonda a ku Sweden nawonso, monga alili lero, anapangika mu 2000 pophatikiza magulu awiri. Sitinena kuti eni ake anama. Tinena kuti munthu wofuna kukhala mbadwa ya mfumu sasowa njira yolondolera mtundu wake.

Asilikali okha aseka nako kunyada kumeneku. Kunali gulu la Askotishi lotchedwa Royal Scots, limene analisonkhanitsa Sir John Hepburn mu 1633, ndipo linayamba ntchito yake potumikira mfumu ya France. Anthu asimba kuti tsiku lina akulu a gululi anatsutsana ndi a gulu la Picardie za amene anayamba kale. A Picardie, pofuna kuposa, anati iwo ndiwo analonda manda a Ambuye wathu. Askotishi anayankha kuti akadakhala iwo pa ulonda umenewo sakadagona tulo, koma usiku uja anali pa ntchito ina, yolonda Pontiyo Pilato. Kuyambira pamenepo anthu anawatcha alonda a Pilato. Nkhaniyi ndi nthabwala chabe, koma ife owerenga Uthenga Wabwino tiiona ndi maso ena. Onani kumene kufuna ukulu kufikitsa munthu: kudziyesa mbadwa ya alonda aja amene analandira ndalama kwa ansembe aakulu kuti afalitse bodza, kapena ya amene anatumikira woweruza wosamba m'manja. Ndipo Royal Scots omwewo, atakhala zaka 373, anaphatikizidwa ndi magulu ena mu 2006, naleka kukhala gulu paokha. Chokhalitsa nacho chili ndi tsiku lake.

Ena mwa magulu akalewa akhalitsa chifukwa analeka nkhondo. Yeomen of the Guard lero ndi anthu achikulire amene anatsiriza kale ntchito yawo m'magulu ena. Avala zofiira za makedzana, naperekeza mfumu pa masiku a mwambo. Pamene mfumu idza kudzatsegula nyumba ya malamulo, iwo atsikira m'zipinda zapansi ndi nyali, kufunafuna onga, chifukwa mu 1605 anthu ena anabisamo migolo ya onga kuti aphe mfumu ndi akulu ake. Mwambo uwu ngwokoma kuuona, ndipo sitiutsutsa. Koma kuika anthu otere pa mndandanda umodzi ndi anyamata ogona m'maenje ndi mfuti, ndiko kuyerekeza nkhokwe yodzala ndi nkhokwe yosungidwa chifukwa anaimanga agogo.

Tsono tifike ku mlandu waukulu, ndiwo wakuti gulu lokhalitsa litumikira ambuye ambiri, ndipo ambuyewo sakhala amodzi pa chilungamo. Chitsanzo chake chomveka ndi Coldstream Guards, gulu limene mwa asilikali okhazikika a ku Britain lakhala pa ntchito nthawi yaitali koposa osalekeza. Linayambika mu 1650 pansi pa George Monck, m'khamu la nkhondo la Oliver Cromwell, ndilo khamu la anthu amene anadula mutu mfumu Charles I mu 1649. M'chaka chake choyamba linamenyana ndi Askotishi ku Dunbar, amene anali ku mbali ya mwana wa mfumu yophedwayo. Cromwell atamwalira, dziko linasokonekera. Ndipo pa 1 Januwale 1660 Monck anaoloka mtsinje wa Tweed pa mudzi wa Coldstream, natsika ndi anthu ake ku London, natsegula njira yakuti Charles II, mwana uja anamenyana naye, abwerere ku mpando. Pa 14 Febuluwale 1661 asilikaliwo anaima pa Tower Hill, natula zida zawo pansi monga ankhondo a boma lakale, nazitolanso nthawi yomweyo monga asilikali a mfumu. Manja ndi omwewo, mfuti ndi zomwezo. Chinasintha ndi mbuye.

A ku nyumba ya mfumu sanaiwale zimenezi. Poika magulu m'mizere ya ulemu, anatsogoza Grenadier Guards, amene anayambika m'mbuyo, mu 1656, chifukwa iwo anali ndi Charles II pamene anali wothawa m'dziko la eni. Zaka zimene a Coldstream anatumikira adani a mfumu sizinawerengedwe. A Coldstream anadzisankhira mawu a Chilatini otanthauza kuti sali achiwiri kwa wina aliyense, ndipo kufikira lero mkangano waulemu uwu ulipo. Ife tiona m'nkhani iyi kuti ngakhale mafumu a dziko lapansi, pofika poweruza, safunsa zaka zokha, koma afunsa kuti, Zakazo munali kwa yani? Ndipo ngati mfumu ya dziko ifunsa chotero, nanga olemba mindandanda alekeranji kufunsa?

Funso lina limene salifunsa ndi ili: Mfuti zanu zinaloza yani? Magulu a ku Massachusetts anakhazikika pa 13 Disembala 1636, zaka 140 dziko la United States lisanadzilamulire, ndipo Aamereka akumbukira tsikulo ndi chimwemwe. Koma masiku omwewo atsamunda a kumeneko anali pa nkhondo ndi eni nthaka otchedwa Pequot, ndipo pofika 1638 mtundu umenewo unali utasweka, ambiri ataphedwa, ena atagulitsidwa ukapolo. Ku India, okwera pa akavalo amene alonda mtsogoleri wa dzikolo lero anawasonkhanitsa ndi Warren Hastings mu 1773, kuti alonde bwanamkubwa wa kampani ya Angerezi imene inalikulanda dzikolo. Amwenye atalandira ufulu mu 1947 anasunga gululo, nalipatsa ntchito yolonda mtsogoleri wawo. Wowerenga mndandanda aona nambala yokha, 1636 kapena 1773, osadziwa kuti pansi pa nambalayo pagona anthu.

Kodi tsono tinene kuti m'ukalamba wa magulu mulibe kanthu kabwino? Iyayi, tikatero tidzakhala oweruza okondera. Tiyeni tione Aswisi a ku Roma. M'masiku aja dziko la Switzerland linali losauka, ndipo anyamata ake ankapita kukagulitsa mphamvu zawo kwa mafumu a maiko ena, monga anachitira makolo athu popita ku migodi ya ku Joni ndi ku Wankie. Pa 22 Januwale 1506 anyamata 150 analowa mu Roma, ataitanidwa ndi Papa Julius II. Patapita zaka 21, pa 6 Meyi 1527, khamu lalikulu la mfumu Charles V, Ajeremani ndi Aspanya ndi Aitaliya, amene anakhala nthawi yaitali osalandira malipiro, linagwera mzindawo kudzafunkha. Aswisi anali 189 okha. Anali alendo m'dzikomo, olembedwa ntchito ndi ndalama, ndipo akadathawa sakadawadzudzula munthu. Koma anaima pafupi ndi tchalitchi cha Petro Woyera, nafa 147 pamodzi ndi mkulu wawo Kaspar Röist, pamene 42 otsalawo anapulumutsa Papa Clement VII, nam'pititsa pa njira ya pamwamba pa linga kufikira ku nyumba yolimba ya Castel Sant'Angelo.

Gululo linatha pamenepo, ndipo linadzutsidwanso mu 1548. Chotero nalonso silinganene kuti silinadukepo. Koma taonani chimene achita eni ake. Mwambo wawo ndi wakuti olowa chatsopano alumbire pa 6 Meyi, tsiku la imfa ya anzawo aja, osati tsiku la kubadwa kwa gulu. Mnyamata agwira mbendera ndi dzanja lamanzere, naimika zala zitatu za dzanja lamanja kukumbukira Utatu Woyera, nalonjeza kupereka ngakhale moyo wake. Kaya ndife a mpingo uti, tiyenera kuvomereza kuti apa pali nzeru. Zaka 500 sizimuuza mnyamatayo kuti ndiwe wamkulu. Zimuuza kuti ena anaima pano usanabadwe, nasunga pangano kufikira imfa, ndipo iwe walowa m'dzina lawo. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ukalamba wa gulu ukhala wa phindu pamene ukhala katundu pa phewa la wolowamo; ukasanduka nthenga ya pachisoti, wataya ntchito yake.

Ndi muyeso umenewu tibwere kwathu. Gulu loyamba la Malawi Rifles silingapikisane ndi a ku Ulaya pa zaka, koma m'dziko lathu ndi chimodzi cha zinthu zakale, choposa boma lathu lomwe. Mizu yake ili m'masiku a Harry Johnston, amene mu 1891 anabweretsa asilikali Achimwenye, ambiri a iwo Asikhi, ndipo pambuyo pake analemba Atonga ndi Ayao ndi a mitundu ina. Mu 1896 anawakonza kukhala gulu lotchedwa Central African Rifles. Ndipo pa 1 Januwale 1902 linaphatikizidwa ndi magulu a ku Kenya ndi Uganda ndi Somaliland, nalitcha King's African Rifles, limene makolo athu analitcha Keyala. Mwa zigawo zake zisanu ndi chimodzi, choyamba ndi chachiwiri zinali za kuno. Malo a asilikali a ku Zomba atchedwa Cobbe Barracks pokumbukira Alexander Cobbe, amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Erego m'dziko la Somaliland mu 1902, kumene anali ndi asilikali a kuno. Pofika ufulu, pa 6 Julayi 1964, chigawo choyamba cha Keyala chinasanduka Malawi Rifles. Monga a Coldstream pa Tower Hill, anatula zida m'dzina la mbuye wina, nazitola m'dzina la wina.

Tikawerenga za dzina ili moona mtima, tipeza zoyera ndi zakuda m'dengu limodzi. Asilikali oyambawo anathandiza kutseka njira za akapolo. Anagwetsa linga la Mlozi ku Karonga mu 1895, ndipo palibe Mkhristu angalire chifukwa cha kutha kwa malonda oipawo. Koma mfuti zomwezo zinathyola ufumu wa Angoni: Inkosi Gomani woyamba anaphedwa mu 1896, ndipo Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa mu 1898. Anyamata a kuno anatumidwa kukamenya Aashanti kumadzulo kwa Afirika ndi Asomali kumpoto, anthu amene sanawalakwire kanthu, ndipo ambiri anatsala ku Gumburu mu 1903. Mbusa John Chilembwe anaona zimenezi, ndipo mu Novembala 1914 analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times, kudandaula kuti osauka a dziko lino alikufera nkhondo zosati zawo. Boma linaletsa kalatayo. Ndipo pamene iye anauka mu Januwale 1915, asilikali a Keyala anali pakati pa otumidwa kukazima kuukako. Pa 3 Malichi 1959 ku Nkhata Bay, asilikali a boma anaombera khamu la anthu osonkhana pa doko chifukwa cha abale awo omangidwa, nafa anthu osachepera 20. Izi ndi ngongole za dzinalo, ndipo wolowa dzina sangazikane.

Kulinso kulimba mtima kumene sitiyenera kukubisa. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Keyala anabweza Ajeremani ku Karonga, ndipo zaka zinayi zotsatira anayenda pansi m'thengo la Tanganyika ndi Mozambique, pa nkhondo ija akulu anaitcha ya Chiwaya. Pa nkhondo ya Hitler anafika ku Abyssinia ndi ku Madagascar, ndipo mu 1944 anali m'nkhalango za Burma nthawi ya mvula, pomenyana ndi Ajapani. Obwerako anadza ndi perete ndi malipenga m'mitu mwawo, ndipo magule athu a malipenga ndi mganda ndi beni asunga chithunzi cha zimenezo kufikira lero. Pa chipilala cha ku Zomba palembedwa mayina a asilikali amene anafa.

Koma pali khamu lina limene silidzalowa pa mndandanda uliwonse wa magulu otchuka, ndilo la amtengatenga. Olemba mbiri awerengera kuti pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma osenza katundu oposa 190,000. Pa msilikali mmodzi panali amtengatenga khumi. Ambiri anagwidwa mokakamiza m'midzi, nasenza ufa ndi zipolopolo pamutu, opanda nsapato, opanda chofunda chokwanira. Anafa ndi kamwazi ndi malungo ndi njala, ndipo manda a ambiri sadziwika. Iwo analibe mbendera, analibe lumbiro, analibe dzina la gulu loti wina alowemo. Nkhondo itatha anangomwazika. Popanda iwo palibe mfuti ikadalira. Mndandanda umene ukumbukira malaya ofiira a mu 1485, nuiwala agogo athu awa, uli ndi diso limodzi.

Kuti tione bwino kuti muzu wakale sutsimikiza chipatso, tiyang'ane abale a gulu lathu. Keyala itagawika, Kenya ndi Uganda ndi Tanganyika analandira zigawo zawo monga tinalandirira ife. Mu Januwale 1964 asilikali a maiko atatuwo anaukira akulu awo, ndipo ku Tanganyika gulu lakalelo linathetsedwa, nayamba latsopano. Ku Uganda munthu wina amene analowa Keyala mu 1946, dzina lake Idi Amin, analanda boma mu 1971, napha anthu osawerengeka. Ndipo m'masiku ake anaphedwa Janani Luwum, mkulu wa mabishopu, mu 1977. Iye anaphunzira perete yemweyo, navala malaya omwewo, naloza ku chiyambi chomwecho cha 1902. Dzina lakale silinamuletse kanthu.

Kwathu kuno, mwa chifundo cha Mulungu, kuyambira 1964 asilikali sanalandepo boma. Mu Disembala 1993 analanda zida za a Payoniya, ndipo atatha anabwerera ku malo awo, nasiya anthu kusankha atsogoleri mu 1994. Mu Epulo 2012, mtsogoleri wa dziko atamwalira pa mpando, akulu a asilikali anaima ndi malamulo, kuti wachiwiri wake alowe m'malo monga kunalembedwa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi midzi ya kummwera, asilikali anali m'matope kufunafuna amoyo ndi akufa. Ndipo ku Congo, mu Novembala 2018, msilikali wamba Chancy Chitete anaona mnzake wa ku Tanzania atalasidwa, nam'kokera pobisalika pakati pa zipolopolo, naphedwa iye mwini alikum'thandiza; mnzakeyo anakhala ndi moyo, ndipo bungwe la United Nations linapereka mendulo yake yaikulu ya kulimba mtima kwa banja lake mu 2019. Sitinena kuti asilikali athu ali opanda banga, pakuti ndi anthu monga ife. Koma ngati gulu lathu lifuna tsiku lolumbirirapo anyamata ake, monga achitira Aswisi, lili nawo masiku otere, ndipo aposa chaka cha 1896 kutalitali.

Chotero chiweruzo chathu pa mindandanda ija ndi ichi. Monga nkhokwe ya zaka ndi mayina ili ndi ntchito yake, ndipo wofuna kudziwa mbiri aiwerenge, pokumbukira kuti zaka zina ndi za m'makalata, zina ndi za pakamwa. Koma monga muyeso wa ulemu ili yoperewera, chifukwa ifunsa funso limodzi lokha, ndilo laling'ono mwa onse. Sifunsa kuti gululo linatumikira yani, linaombera yani, linasenzetsa yani katundu wake, ndi kuti lichitanji lero. Pamene asilikali anadza kwa Yohane Mbatizi ku Yordano kudzafunsa chimene ayenera kuchita, iye sanawafunse zaka za gulu lawo. Anawalangiza za kulanda za eni mwa chiwawa, za kunamizira anthu, ndi za kukhutira ndi malipiro awo. Ndipo kwa ena amene anadalira kuti ali ana a Abrahamu, anawachenjeza kuti mtengo uyesedwa ndi zipatso zake. Korneliyo wa ku Kaisareya anali wa gulu lotchedwa la Italiya. Za ukalamba wa gululo Malembo sanena kanthu, koma mapemphero a munthuyo ndi zachifundo zake zinalembedwa.

Inu amene muli ndi ana ovala malaya a boma, akabwera kudzacheza musawafunse za mizere ya pamkono yokha. Auzeni za Karonga ndi za Nkhata Bay pamodzi, za amtengatenga a m'mudzi mwanu amene sanabwerere, ngati akulu akumbukirabe mayina awo. Pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Ndipo m'mwezi wa Novembala, pamene dziko likumbukira akufa pa nkhondo, tiwatchule osenza katunduwo m'mapemphero a mpingo pamodzi ndi onyamula mfuti.

Potsiriza tisayese kuti nkhani iyi ndi ya asilikali okha. Nafenso m'mipingo tili nayo mindandanda yathu: awa ati tinafika ku Magomero mu 1861, awo ati ife ku Cape Maclear mu 1875, ena Blantyre 1876, ena Mvera 1889, ena Nzama 1901. Nkwabwino kukumbukira zaka zimenezi ndi chiyamiko, pakuti amene anayamba ntchitoyo ambiri anagona m'manda a malungo asanaone zipatso. Koma tikayamba kukangana za amene anayamba kale, tikumbukire Askotishi aja ndi a Picardie, ndi kumene mkangano wawo unawafikitsa. Talowa m'dzina la anthu okhulupirika. Tipemphe Mulungu atipatse mphamvu yakusenza katundu wa dzinalo pa masiku athu ano.